Funsani Malume: Kambalame kofiira ka m'dambo kamapita kuti mvula ikatha?

Mwezi uno makalata ambiri afika onunkha dambo. Sindikudabwa, ino ndi Febuluwale, udzu wafika m'khosi ndipo mabango ali yakeyake ndi timbalame tofiira. Ndasankhapo asanu. Ena ndawadula pang'ono kuti akwane patsamba, eni ake mundikhululukire.

Malume, kuseri kwa sukulu yathu kuli dambo la mabango lomwe madzi ake amatsikira mu Bua. Tikabwera kutchuthi cha Khirisimasi timapezako timbalame tofiira psuu, kumimba kuli bii, touluka modzitukumula ngati bemberezi. Pofika Juni sitionekanso ngakhale kamodzi. Mnzanga akuti timapita ku Ulaya ngati anamzeze. Ndi zoona? Nanga dzina lake ndi chiyani?
*Mtsikana wa Fomu 3, Mchinji*

Mwanangu, mnzakoyo usamuseke, waganiza ngati munthu wopenya. Anamzeze ambiri omwe amandanda pa mawaya a magetsi kuyambira Okutobala amachokeradi ku Ulaya, ndipo pofika Epulo amakhala atanyamuka. Koma kofiira kako sikadziwa Ulaya. Mu Juni umakadutsa popita kumjigo, kali m'gulu la timbalame totuwa tomwe timati mpheta, tikutola njere m'munda wokololedwa. Sukazindikira chifukwa kavula.

Ndi m'bale wake wa tchete, uja amapachika zisa pansonga za nthambi. Mabuku a mbalame amakatcha Southern Red Bishop, poona kufiira kwake ngati mkanjo wa akuluakulu a mpingo, ndipo dzina lake la sayansi ndi Euplectes orix. Liwu loti Euplectes ndi la Chigiriki, kutanthauza cholukidwa bwino. Ine m'kope mwanga ndimangolemba kuti tchete wofiira wa m'bango. Maina a kumudzi amasintha ukangowoloka mtsinje, choncho ukafunse agogo ako a ku Mchinji dzina lawo, undilembere.

Ofiirawo ndi amuna okhaokha, ndiponso amafiira nyengo yoswana yokha. Mvula ikakhazikika, nthenga zotuwa zimathothoka pang'onopang'ono, m'malo mwake n'kumera zofiira ndi zakuda. Mlomo nawo, womwe chilimwe chonse unali wotuwa, umada bii. Akamaliza kuswana, cha mu Epulo kapena Meyi, zovala za paukwati zija zimachoka n'kubwerera kutuwa. Yaikazi siisintha chaka chonse: yotuwa, ya timizere takuda kumsana, kamzere koyererako pamwamba pa diso, mchira waufupi. M'chisanu bambo ndi mayi amafanana moti ngakhale ine, amene ndatha zaka zoposa 30 ndikuwayang'ana, sindilumbira kuti uyu ndi uti. Palinso anyamata a chaka chimodzi. Amenewa safiira chaka choyamba, amadikira dzinja lachiwiri, ndiye ukaona gulu lotuwa m'bango mu Febuluwale usati onse ndi akazi.

Inenso ndinali ngati mnzakoyo. Ndili mwana ku Linthipe tinkati mbalamezi zimabwera ndi mvula n'kupita ndi mvula, basi, nkhani yathera pomwepo. Chinanditsegula maso ndi tsiku lina mu Meyi 1994, ndikuphunzitsa kufupi ndi doko la Kachulu ku nyanja ya Chilwa. Tayala la njinga linaphwa, ndinakhala pamtumbira kumata chubu. Patsogolo panga panatera kambalame kooneka ngati kavala malaya a zigamba: pakhosi kachigamba kofiira, kumimba madontho akuda osakanikirana ndi otuwa, mutu theka uku theka uko. Ndinayamba ndaganiza kuti kakudwala. Kenaka kanabwera kena, kenanso, tonse ta zigamba, tina tofiirirako tina totsala pang'ono kutuwiratu. Guluu anauma pachubu ndisanamate. Ndinali nditaona kuvula kuli m'kati.

Nawe usandikhulupirire chabe. Sankha malo amodzi m'mbali mwa dambolo, uzipitapo kamodzi pa sabata kuyambira pano mpaka Juni, ndi kope ndi pensulo. Uzilemba tsiku, ofiira angati, a zigamba angati. Tsiku lomwe udzaone wa zigamba woyamba ulilembe ndi zilembo zikuluzikulu. Ukadzabwerezanso mu Disembala udzaona zigamba zomwezo zikuyenda chobwerera.

Koma poti uli kale pamenepo, usangowerenga. Sankha tambala mmodzi (ine ndimawatcha choncho, ngakhale salira m'mbandakucha) uzimuyang'ana yekhayo kwa theka la ola. Uona kuti ali ndi kadera kake m'mabangomo, kakang'ono, mwina kosaposa bwalo la nyumba, ndipo mnzake akadumpha malire amathamangitsidwa. Yaikazi ikamadutsa, iye amafufumitsa nthenga za m'khosi ndi kumsana mpaka kusanduka kampira, n'kunyamuka mapiko akunjenjemera, kuuluka pang'onopang'ono pamwamba pa mabango, uku akulira kaphokoso konga nyama ikamakazingidwa m'mafuta otentha. Ndiko kuuluka kwa bemberezi komwe wanena. Akatero amatsika n'kukatera pafupi ndi chisa, ngati akuti, mayi, nyumba ndi iyi.

Chisacho amaluka yekha. Amang'amba tsamba la bango kapena la udzu ndi mlomo, n'kuuluka nalo kuti ling'ambike motalika ngati luzi. Amayamba ndi mkombero womangirira pa mapesi awiri kapena atatu oimirira, kenaka n'kuluka chipinda chobulungira, khomo lili m'mbali chakumtunda, ndi kakhonde kotchinga mvula. Sichilendewera ngati cha tchete wachikasu, chimagwira mapesi. Akamaliza chimodzi amayamba china, chifukwa bamboyu ndi wamitala. Katswiri wina wa ku Germany, Thomas Friedl, anatha zaka akuwerenga zisa za mbalamezi ku Addo Elephant National Park ku South Africa, ndipo anapeza kuti amene amapeza akazi ambiri ndi amene amanga zisa zambiri. Ndikawauza anyamata a kwathu zimenezi amaseka, koma amamva.

Tsono apa ndi pamene anthu ambiri amalakwitsa. Maso onse amathera pa wofiirayo, pamene nkhani yeniyeni ili ndi mayi wotuwayo. Ndiye amalowa m'chisa, kuchigwedeza, kutuluka, kupita kukaona cha mnzake. Akachikonda amayalamo ngala zofewa za udzu, ndipo ukaona tingala tikutulukira pakhomo dziwa kuti nyumbayo yalowedwa. Amaikira mazira awiri mpaka anayi, kawirikawiri atatu, obiriwira ngati kumwamba kopanda mitambo. Amafungatira yekha masiku 12 kapena 13, n'kudyetsa ana yekha kwa masabata ngati awiri, kuwapatsa tizirombo ndi njere zanthete. Nthawi yonseyi bambo ali pansonga ya bango, akufufuma. Ukafuna kudziwa chomwe chikuchitika m'dambo, tsatira wotuwa amene wanyamula kachiwala kukamwa.

A Malume, ine ndimaona mbalame yofiira yomweyi m'munda mwanga, itakhala pa ngayaye za chimanga, kutali ndi bango lililonse. Mwana wanga anandionetsa chithunzi pa foni koma sizikufanana kwenikweni. Yanga mapiko ake ndi akuda. Kodi maso anga ndiwo akalamba?
*Bambo wa ku Bawi, Ntcheu*

Bambo, maso anu ali bwino kuposa a mwana wanuyo. Mwaona chinthu chomwe anthu ambiri okhala ndi magalasi oonera patali amachiphonya. Ofiirawa alipo mitundu iwiri kuno kwathu, ndipo kufiira sikuthandiza kuwasiyanitsa. Muyang'ane malo awiri, mapiko ndi pamphumi.

Wa m'bango uja mapiko ake ndi mchira ndi zotuwa ngati za mpheta, ndipo kuda kwa kumaso kumakwera mpaka pamphumi, ngati wavala chigoba. Wanuyo mapiko ndi mchira zili bii, ndipo kufiira kumatsika pamutu ponse mpaka kufika pafupi ndi mlomo. Ndi wokulirapo pang'ono, ndipo kunsi kwa mchira n'kotuwira pamene mnzakeyo n'kofiira. Mabuku amati Black-winged Bishop, Euplectes hordeaceus. Sakonda kuthithikana ngati a m'bango, omwe amamanga mudzi wonse pamalo amodzi. Iye amatenga dera lake lotakasuka m'tsekera, m'nsenjere kapena m'mphepete mwa munda, n'chifukwa chake mumamuona yekhayekha pa ngayaye. Chokoma ndi mtundu umenewu n'chakuti tambala akavula, nthenga zakuda za m'mapiko zimatsala. Mu Julayi gulu lotuwa likadzauluka pa mapesi anu, mudzayang'ane la mapiko akuda. Ndi yemweyo.

Poti muli ku Ntcheu, mukadzakwera chakumapiri mudzakumananso ndi abale ake ena ovala zakuda. Wakuda wa mchira waufupi, wachikasu pamapewa ndi kumbuyo chakumchira, ndi Yellow Bishop, ndipo ine ndimamuona kwambiri m'malo otsetsereka a ku Dedza ndi pa phiri la Zomba. Wakuda wa mchira wotalikirapo, wachikasu pamsana chakumtunda ngati wafunda kansalu, ndi Yellow-mantled Widowbird, mwini madambo a m'chigawo chapakati. Wina ali ndi chikasu paphewa ndi banga loyera paphiko. Koma amene amandiimitsa njinga nthawi zonse ndi Red-collared Widowbird: wakuda thupi lonse, kamkanda kofiira pakhosi, mchira wotalika kuposa thupi lake lomwe, womwe amaukoka m'mwamba ngati nsanza yonyowa. Mphepo ikaomba amavutika nawo zomvetsa chisoni. Ku Nyika kuli winanso wa mchira wautali, Montane Widowbird, yemwe sapezeka kwina kulikonse kupatula mapiri a kumpoto kwathu kuno, mbali ya Zambia ya Nyika yomweyo ndi mapiri a kummwera kwa Tanzania.

Mwina mufunsa kuti mchira wovutitsa chotere ndi wa chiyani. Funso limeneli analiyesa Malte Andersson wa ku Sweden, pa chigwa chokwera cha Kinangop ku Kenya, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 1982. Kumeneko kuli mtundu wa mchira wofika theka la mita. Iye anagwira atambala, ena n'kuwadula michira, zidutswazo n'kuzimata ndi guluu pa michira ya anzawo kuti italike kuposa ya chibadwa. Akazi anakamanga zisa zambiri m'madera a aja owonjezeredwa. Ndiye kuti mchirawo anautalikitsa ndi akazi, mibadwo ndi mibadwo ya kusankha.

Chenjezo limodzi. Kambalame koyera kumimba, kakuda kumsana, ka mlomo wofiira ndi mchira wa tinthenga tinayi tatitali, kamene kamavutitsa tinzake pabwalo pomwe mwapetera, si ka banja limeneli. Sikaluka n'komwe, kamaikira m'zisa za eni.

Malume, inu mumaziyamikira mbalamezi chifukwa simulima mpunga. Ife kuno ana amajomba kusukulu kulinda mbalame. Amuna anga akuti zofiirazo ndi mafumu ake, ndizo zimatsogolera gulu, ndiye tikapha zimenezo zinazo zithawa. Mutiuze zoona.
*Mayi wa ku sikimu ya Domasi, Machinga*

Mayi, mwandigwira pakamwa, ndipo sindikutsutsani. Ndinakhalako kumeneko, ndikudziwa kulira kwa zitini za timiyala pachingwe kuyambira m'mamawa mpaka dzuwa kulowa, ndipo m'kalasi mwanga mipando inkakhala yopanda anthu mpunga ukayamba mkaka. Mbalamezi zimadyadi mpunga, mapira ndi mawere. Wonena kuti sizidya ndi wabodza.

Koma bambo akunyumbawo awauze kuti legeni yawo ikulunjika polakwika. Wofiirayo si mfumu ya gulu. Nthawi yomwe ali wofiira ndi nthawi yomwe ali womangika pa kadera kake, kulondera zisa, ndipo amangochokapo pang'ono kukadya. Mukamupha, mawa lake pamalopo pakhala wina, chifukwa odikira malo ndi ambiri. Gulu lomwe limatsika ngati utsi n'kuphimba ndime yonse kawirikawiri ndi la mtundu wina, Red-billed Quelea, timbalame totuwa ta milomo yofiira. Timeneti tilibe mtsogoleri, ndipo akatswiri amati ndi mbalame yakutchire yochuluka kuposa ina iliyonse padziko, pafupifupi 1.5 biliyoni mu Africa muno. Mukagwira kamodzi muyang'ane mlomo. Ukakhala wofiira ndi kwelea, ngakhale kuti yaikazi mlomo umasanduka wachikasu ikamaswana.

Chakudya chawo chenicheni ndi njere za udzu wakutchire, ndipo zimakhamukira m'minda kwambiri njerezo zikachepa kapena munda ukakhala wokhawokha wakupsa m'dera lonse. N'chifukwa chake amene wawokera mochedwa kapena mofulumira kuposa anzake ndiye amalira kwambiri: mbalame za dambo lonse zimathera pa ndime yake. Kuwokera nthawi imodzi sikimu yonse kumagawa chiwonongekocho, ndipo kupalira udzu wa m'migula kumachotsa chomwe chimaziitana poyamba. Gulu likakula moposa zitini, kauzeni alangizi msanga, makamaka mukadziwa mabango omwe zikugona. Bungwe la IRLCO-CSA, lomwe likulu lake lili ku Ndola ku Zambia ndipo limayang'anira dzombe m'zigwa za Chilwa, limatsatanso za kwelea. Za ana kujomba, ine monga mphunzitsi wakale ndingopempha kuti alinde m'mawa kwambiri ndi madzulo, pomwe mbalame zimadya mwaphuma, masana akuluakulu alowepo.

Malume, ndikufuna kuyamba kuyang'ana mbalame koma ndilibe ndalama ya bainokyula. Ndikayandikira zimathawa. Nditani?
*Mnyamata wa ku Area 25, Lilongwe*

Mphwanga, vuto ndi loti ukuyandikira. Usazitsate, zikupeze. Fika padambo dzuwa lisanatuluke bwino, cha m'ma 5:30, upeze chulu kapena mtumbira, ukhale pansi dzuwa lili kumsana kwako kuti kuwala kugwere pa mbalame, osati m'maso mwako. Malaya oyera usiye kunyumba. Mphindi khumi zoyamba dambo likhala zii ngati mulibe kanthu. Ukapirira osagwedezeka, tambala abwerera pa phesi lake lomwe lija, chifukwa ali ndi mapesi awiri kapena atatu omwe amaterapo tsiku lonse. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ine zaka zanga zisanu zoyamba ndinalibe galasi lililonse. Mbalame za banja limeneli ndi zabwino kuyambira chifukwa sizibisala, zimafuna kuonedwa.

M'madzi usalowe. Madambo athu ambiri ali ndi likodzo, ndipo ine ndinalimwera mankhwala kawiri chifukwa chofuna kusuzumira m'zisa. Kusuzumirako kumawononganso: njira yomwe wapondaponda m'mabango ndi yomwe adani a mazira amadzera. Foni yako ikwanira kujambula kulira kwake ngakhale chithunzi chitamatuluka ngati kadontho. Ukadzapeza ndalama, gula bainokyula yolembedwa 8x42 kapena 8x32, ngakhale yakale ya pa kaunjika, bola uyese kaye kuti sikuonetsa zinthu ziwiriziwiri. A bungwe loteteza nyama zakutchire ndi chilengedwe la WESM, lomwe linayamba mu 1947, ali ndi nthambi ku Lilongwe, ndipo poyenda ndi anthu otere umabwerekako galasi la mnzako. Dziko lathu lili ndi mitundu ya mbalame pafupifupi 650, koma chaka chino udziwe bwino isanu ya padambo la kwanu.

Malume, ana anabweretsa chisa cha mbalame yofiira atachithyola m'bango. Munali mwana mmodzi yekha, wamkulu kuposa mayi ake, wa mlomo wofiirira. Anthu ayamba kunena zambiri. Komanso mwana wanga akufuna tigwire yofiirayo tiziweta m'khola.
*Mayi wa ku Nchalo, Chikwawa*

Mayi, anthuwo muwakhazike mtima pansi, palibe wakutumirani chilichonse. Mwanayo ndi wa mbalame ina, Diederik Cuckoo, yobiriwira monyezimira kumsana, yoyera kumimba, ya diso lofiira, imene imabwera ndi mvula n'kumalira mokweza kuti dii-dii-dii-diderik. Siimanga chisa. Imazembera mwini atachoka, n'kuchotsa dzira limodzi, n'kuikira lake, lomwe nthawi zambiri limafanana ndi a mwiniwake. Mwana wake akaswa amakankhira kunja mazira kapena tiana tomwe wapezamo, n'kutsala yekha, mayi wotuwa uja n'kumadyetsa mlendo mpaka kumuposa msinkhu. Mukadzamva atchete a m'nzimbe za kwanuko akuchita phokoso onse pamodzi n'kumathamangitsa mbalame yobiriwira, ndi nkhondo imeneyi.

Za khola, mwanayo akhumudwa. Pofika Meyi mbalame yake idzatuwa ngati zinzake zonse, adzati mwamusinthira. Chaka chotsatira siidzafiiranso bwino, chifukwa utoto wofiirawo umachokera m'zakudya za kutchire, ndipo zoweta pa gaga ndi mapira okhaokha zimatuluka zofwifwa ngati nsalu yochapidwa ndi sopo woipa. Mupite naye m'mbali mwa ngalande Loweruka m'mawa, mumupatse ntchito yowerenga zisa za tambala mmodzi, mudzandilembere kuti anapeza zingati. Chisa chathyoledwacho, ngati mwanayo akadali moyo, kachimangirireni ndi luzi pa mapesi a pamalo pomwe chinali, lero lomwe, ndipo ana aime patali aone ngati mayi abwere ndi chakudya.